Adadula Ndani Filimuyi, Nanga Adadulira Yani?

Anzanga, mukamaonera filimu pa DStv kapena pa GOtv, isanayambe pamabwera nambala: 13, 16 kapena 18, ndipo pambali pake pamakhala timalembo monga V, L, S kapena N. Ambirife timangodikira kuti zichoke msanga, ndewu iyambe. Sabata ino ndati tiime kaye pa nambalayo, chifukwa kuseri kwake kuli nkhani yaitali, ndipo mbali ina ya nkhaniyo idachitikira kuno ku Malawi. Amene mukulemba Social Studies chaka chino mutolapo kanthu pa mutu wa ufulu ndi malire ake. Enanu ingowerengani belu lisanalire, ndipo aataliatali musatchingire a Fomu 1.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amakonda kuziphatikiza. Choyamba ndi kudula. Munthu amene wapatsidwa mphamvu amaonera filimu yonse, n'kuchotsamo zomwe waganiza kuti ife tisazione. Kale filimu inkakhala pa lamba wautali wokulungidwa pa gudumu, ndiye kudulako kunali kudula kwenikweni: sizasi, kenaka n'kumata mbali ziwirizo. Masiku ano amangochita pa kompyuta. Nthawi zina sadula n'komwe, amangoletsa filimu yonse. Chachiwiri ndi kuika msinkhu. Apa filimu imasiyidwa yathunthu, koma amailemba nambala yonena kuti woonera akhale ndi zaka zingati. Sizasi imasankhira aliyense, agogo ndi mdzukulu yemwe, ndipo woonera sadziwa kuti china chachotsedwa. Nambala imangochenjeza basi, ntchito yotsalayo n'kuisiyira kholo ndi munthu woima pakhomo.

Dziko lathu lidayamba ndi sizasi. M'chaka cha 1968, patangopita zaka 4 chilandirireni ufulu wodzilamulira, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lotchedwa Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo lamulolo ndi lomwe lidabala bungwe la Censorship Board. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, Malawi Congress Party, mtsogoleri ali Dr Hastings Kamuzu Banda. Bungwelo lidapatsidwa mphamvu pa mafilimu, mabuku, magazini, mbale za nyimbo ndi masewero a pasiteji. Filimu sinkaonetsedwa kwa anthu popanda chikalata cha bungwelo, nayonso nyumba yoonetsera kanema inkafunika laisensi. Kumbukirani kuti wailesi ya kanema kunalibe. TVM idadzayamba mu 1999. Wofuna kuonera filimu ankapita ku nyumba za kanema za m'tauni, monga ku Blantyre ndi ku Limbe, pamene a kumudzi ngati kwathu kuno ankadikira galimoto ya boma yodzaonetsa kanema pabwalo. Makomo olowera mafilimu anali ochepa, choncho kuwalondera sikunali kovuta. Mavidiyo a matepi atafika, nawonso ankayenera kudutsa kaye m'manja mwa bungwelo.

Chomwe chidatchuka kwambiri pa zodulidwa ndi kupsompsonana. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikitsana nkhope, chithunzi chinkadumpha, n'kuwapeza ali kale pa nkhani ina. Izi zinkayendera limodzi ndi malamulo ena a makhalidwe. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Alipo agogo ambiri amene mpaka lero amati nthawi imeneyo kunali mwambo, ndipo sindikangana nawo pano. Koma taonani komwe sizasi yomweyo idakafika.

Mu 1970 oimba a ku America, Simon and Garfunkel, adatulutsa nyimbo yotchedwa Cecilia. Kuno idaletsedwa. Chifukwa chake? Dzinalo linkafanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira, amene anali wolandira alendo a boma kunyumba ya Kamuzu. Oimbawo anali kutsidya kwa nyanja akuimba za Cecilia wina, koma sizidathandize. Palibe mwana amene adatetezedwa pamenepa. Nawo mabuku sadapulumuke. Jack Mapanje, amene ankatsogolera gawo la Chingerezi ku Chancellor College ku Zomba, adatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods mu 1981. Mu 1985 bukulo lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku. Mu Seputembala 1987 mwini wake adamangidwa, nakakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ukapatsa munthu sizasi kuti ateteze mwana, palibe chomuletsa kuteteza nayo bwana wake, makamaka pamene akudula yekha kuchipinda ndipo palibe womufunsa. Ichi ndi chomwe chimandiopsa pa kudula.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho cha 1968, America idatembenukira kwina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, makampani a ku Hollywood ankatsata mndandanda wa zoletsedwa wotchedwa Hays Code. Mu Novembala 1968 adausiya, n'kuyamba kuika zilembo za msinkhu. Lero ali ndi G, PG, PG-13, R ndi NC-17. Filimu ikakhala ya R, wosakwana zaka 17 salowa popanda kholo kapena wamkulu womuyang'anira. PG-13 idabwera mochedwa, mu 1984, makolo atadandaula kuti mafilimu awiri, Gremlins ndi Indiana Jones and the Temple of Doom, anali oopsa kwa ana chonsecho ali ndi PG. Bungwe loika zilembozi si la boma ayi, ndi la makampani a mafilimu eni ake. Ku Britain bungwe lawo la BBFC lidayamba kale, mu 1912, ndipo mu 1984 lidasintha dzina: liwu loti Censors adalichotsa n'kuikapo Classification, kusonyeza kuti ntchito yaikulu tsopano ndi kusanja mafilimu malinga ndi misinkhu.

Ndiye mungaganize kuti kumeneko sizasi idapita kukapuma. Ayi ndithu, idangosintha mwini. Nambala ikatsika, olowa amachuluka, ndalama nazo n'kuchuluka. Choncho makampani adayamba kudula okha mafilimu awo kuti apeze nambala yomwe akuifuna.

Chitsanzo chabwino ndi The Hunger Games ya mu 2012, ena mwa inu mudaionera. Nkhani yake ndi ya achinyamata okakamizidwa kuphana pa mpikisano woonetsedwa pa kanema. Itafika ku Britain, zidaoneka kuti momwe inalili ikadapatsidwa 15. Vuto linali lakuti ambiri mwa amene adawerenga bukulo, n'kumafunitsitsa kuonera, anali ana osakwana zaka 15. Kampani idachotsa masekondi 7, kuphatikizapo kufufuta magazi pa zida ndi pa mabala pogwiritsa ntchito kompyuta, ndipo filimu idapatsidwa 12A. Nambala imeneyi imatanthauza kuti wa zaka 12 alowa yekha, wocheperapo alowa ndi wamkulu. Taganizani bwino, aise. Ana akuphana monga kale, nkhani sidasinthe ngakhale pang'ono, koma magazi atangofufutidwa zaka 3 zagwa. Ine pamenepa ndimaima mutu. Chomwe chimapweteka mwana woonera n'chiyani, utoto wofiirawo kapena kuona mwana mnzake akufa?

Ina ndi The King's Speech ya mu 2010, nkhani ya Mfumu George VI ya ku Britain, bambo wa Mfumukazi Elizabeth II, amene anali ndi chibwibwi. Pali pena pomwe womuphunzitsa kulankhula amamulimbikitsa kutukwana kuti lilime limasuke. BBFC poyamba idaipatsa 15, koma eni filimu atadandaula idatsitsa kufika pa 12A, poona kuti kutukwanako kunali mbali ya chithandizo. Ku America idapatsidwa R. Filimu imodzimodzi, mwana wa zaka 13 ku London alowa yekha, mnzake wa ku New York akafune kaye kholo. Mu 2011 kampani idatulutsanso filimuyo ku America itazimitsa ena mwa mawu otukwanawo, ndipo idapeza PG-13. Tsono The Hunger Games ija, ya ana ophana, ku America idapatsidwa PG-13 yomweyo. Apa mutha kuona kuti nambala si sikelo ya kuchigayo yomwe imanena chimodzi kwa aliyense. Dziko lililonse limaika nambala malinga ndi zomwe anthu ake amaopa kapena kuchita nazo manyazi. Ndipo kudula kupsompsonana sikudathere kwathu kuno: Saudi Arabia itatsegulanso nyumba za kanema mu 2018, patapita zaka zoposa 30, filimu yoyamba inali Black Panther, ndipo pomwe amapsompsonana adadulapo.

Nambala zambiri zomwe timaziona pa DStv zimatsata kasanjidwe ka ku South Africa, komwe kuli bungwe la Film and Publication Board lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996. Timalembo tija tanthauzo lake ndi ili: V ndi chiwawa, L ndi mawu otukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche, D ndi mankhwala osokoneza bongo, P ndi tsankho. Ubwino wake ndi wakuti sangokuuza kuti "usaonere", amakuuzanso chifukwa. Kholo lomwe silidandaula ndi nkhonya koma limadana ndi kutukwana lingathe kusankha lokha.

Koma komweko ku South Africa kudachitika nkhani yomwe ndimafuna tiiganizire mofatsa, chifukwa ikutikhudza kuposa za ku London zija. Mu 2018 kudatuluka filimu yotchedwa Inxeba, yokonzedwa ndi John Trengove. Nkhani yake imachitikira ku chinamwali cha anyamata a Chixhosa, kuthengo komwe amakadulidwa ndi kulangizidwa, ndipo muli chikondi cha amuna okhaokha. Poyamba idapatsidwa 16. Anthu ena, pamodzi ndi mafumu, adakwiya kwambiri, nati yaulula zinsinsi za mwambo, mpaka nyumba zina za kanema ku Eastern Cape zidaleka kuionetsa poopa chipwirikiti. Madandaulo atapita ku komiti ya apilo, filimuyo idasinthidwa kukhala X18, gulu la mafilimu olaula enieni, omwe saonetsedwa m'nyumba za kanema wamba. Kunena zoona uku kunali kuiletsa, kungoti adagwiritsa ntchito nambala m'malo mwa sizasi. Eni filimu adapita kukhoti, ndipo mu Juni 2018 khoti lalikulu ku Pretoria lidathetsa chigamulo cha komitiyo.

Ife a ku Ntcheu tisaione ngati nkhani yakutali. Makolo athu anali ndi nambala zawo kalekale, kungoti zinali zosalembedwa. Mwana wosavinidwa sayandikira kudambwe. Zolangizidwa m'tsimba sizinenedwa pamsika. Pamaliro pali zina zomwe ana amauzidwa kuti asuntheko kaye. Palibe amene ankati zimenezi zisachitike. Ankangoti zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ili ndi Gule Wamkulu, ndipo dziko lonse lapansi lidauonera pa Netflix. Koma zilombozo zikuoneka monga momwe aliyense amazionera zikatuluka. Nanga wina atalowa ndi kamera kudambwe kwenikweniko, n'kujambula zonse? Ndikudziwa kuti pano pa bolodi tigawikana pawiri. Maganizo anga ndi akuti mafumu a Chixhosa anali ndi dandaulo lenileni, loyenera kumvedwa, koma kutchula filimu kuti ndi yolaula pofuna kungoitseka pakamwa n'kuwononga nambala. Anthu akangozindikira kuti 18 nthawi zina imatanthauza "akuluakulu sanaikonde", sadzaikhulupiriranso tsiku lomwe ikunena zoona. Koma onani chinthu chimodzi chomwe Mapanje analibe: eni Inxeba anali ndi khoti lokadandaulako.

Kuno kwathu zinthu zidasintha pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 adapereka ufulu wolankhula ndi kufotokoza maganizo pa gawo 35. Gawo 44 limati ufulu ungathe kuikidwa malire, koma malirewo akhale olembedwa m'lamulo, omveka, ndiponso ofunikadi m'dziko la demokalase. Gawo 23 limateteza ana, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kutanthauza kuti ambirife pano, ngakhale amene mwayamba kumera ndevu, lamulo likutiwerengera m'gulu la ana. Olemba mayeso, magawo atatuwa musawaiwale. Lamulo la mathalauza lidachotsedwa nthawi ya kusinthako, koma la 1968 lija lidatsala, ndi bungwe lake lomwe. Nyengo idasintha, bungwelo n'kumalankhula kwambiri za kusanja mafilimu ndi kuteteza ana, koma lamulo lomwe likugwiritsa ntchito lidalembedwa nthawi ya chipani chimodzi, kulibe foni ya m'manja ngakhale imodzi.

Tsopano tibwere kwathu. Yendani pa Ntcheu boma, pa Kampepuza, pa Lizulu kapena ku Tsangano, simuchedwa kumva phokoso la mfuti ndi nkhonya likutuluka m'kanyumba kotchingidwa ndi nsalu pakhomo. Panja pali kabolodi kolembedwa ndi choko: dzina la filimu, nthawi, mwinanso mpira wa madzulo. Nambala ya msinkhu simuipeza. Komanso ingapezeke bwanji? Filimuyo yadutsa pa intaneti, yafika kwa obena nyimbo, yalowa mu fulashi kapena mu memore khadi. Chikuto chomwe chinali ndi nambala chidatsala kutali. Nthawi ya Kamuzu makomo anali ochepa, mlonda ali ndi mphamvu zopitirira muyeso. Lero makomo ali m'thumba la aliyense, mlonda palibe. Pabenchi lakutsogolo, pafupi ndi sikirini, pamakhala ana a Sitandade 3 ndi 4, ena yunifolomu ili m'thupi, chifukwa ndi aafupi ndipo kumbuyo saona.

Palinso munthu wina amene sitimamuwerengera: womasulira. Mafilimu a ku China, a ku India ndi a ku America omwe timawakonda kwambiri ndi aja oikidwa mawu a Chichewa, munthu mmodzi akulankhulira anthu onse, amuna ndi akazi omwe. Ine ndimawakonda, ndipo ena mwa anyamatawa ndi aluso zedi. Amatenga msilikali wa ku Hong Kong n'kumulankhulitsa ngati wapakabaza wa pa siteji. Koma taonani mphamvu yomwe ali nayo. Akafuna amafupikitsa filimu, kuchotsa pomwe akuona kuti anthu atopa, ndiye kuti ndi wodula. Akafuna amaonjezera nthabwala, kunyoza kapena mawu a m'bawa omwe mu filimu yeniyeni munalibe. Ku America kampani idazimitsa mawu otukwana kuti nambala itsike. Kuno womasulira angathe kuwaonjezera, ndipo palibe nambala yomwe ikwere. Mwana amene sakadamva kutukwana kwa Chingerezi tsopano akukumva m'chilankhulo cha amayi ake, mawa n'kukabwereza pa mjigo. Ngakhale filimuyo ikadafika ndi nambala yake, nambalayo idaperekedwa kwa filimu ina, osati iyi yomwe yatuluka m'kamwa mwa womasulira.

Ndili ndi mng'ono wanga wa zaka 9 amene amadziwa mayina a mfuti kuposa matebulo a masamu, ndiye nkhaniyi sindikuilemba ngati ya mayeso chabe. Komabe sindikufuna sizasi ya 1968 ibwerere. Sindifuna munthu wosamudziwa, ali ku ofesi kutali, azindisankhira mwakachetechete zomwe ndingadziwe, chifukwa taona kale komwe zimakathera. Chomwe ndikufuna ndi chaching'ono. Pa kabolodi kaja, pambali pa dzina la filimu, pazilembedwa nambala. Siyovuta kuipeza: mukalemba dzina la filimu pa foni, nambala ya ku Britain, ya ku America kapena ya ku South Africa imabwera, ndipo zikasiyana mwini malo atenge yaikuluyo. Ngati womasulira wathiramo zake, akwezenso. Masana, ana akaweruka, pazikhala za 13 kutsika m'munsi. Za 16 ndi 18 zidikire usiku.

Ndikudziwa yankho la mwini vidiyo: ana ndiwo amadzaza mabenchi masana, ndipo mafuta a jenereta sagulidwa ndi malangizo. Ndi masamu omwe aja a kampani ya The Hunger Games, kungoti iyo idayenera kukaima kaye pamaso pa bungwe n'kutaya masekondi 7. Wathuyu saima pamaso pa aliyense, kupatula mwina anyakwawa ndi komiti ya msika. Eni mavidiyo ambiri ndi achimwene athu, amalume athu, ena adaphunzira pa sukulu za masana ngati yathu ino. Amene muli ndi m'bale wotero, mukamufunse sabata ino ngati angalole kulemba nambala pa bolodi, ndipo zomwe ayankhe mudzandipatse, ndidzazimate pansi pa pepalali osadulapo kanthu.